Banki imayamba yafufuza: mbiri ya ngongole ndi nyumba yoyamba kugombe la Chilwa

Munthu akalowa m'banki mumzinda wa Zomba kukapempha ngongole yogulira kapena kumangira nyumba yake yoyamba, amayesa kuti nkhani iyambira pa pepala la malipiro ndi mapulani amene wanyamula m'envulopu. Koma wogwira ntchito m'bankimo asanatambasule n'komwe mapulaniwo, amayamba watenga nambala ya chitupa cha unzika n'kuitumiza kubungwe losunga mbiri ya ngongole. Yankho lochokera kumeneko ndilo limanena ngati kukambirana kupitirire kapena kuthere pomwepo. Limaonetsa ngongole zimene munthuyo adatengapo, kumene adazitenga, mmene adabwezera, zimene zikadalipo, komanso obwereketsa ena amene adafunsapo za iye m'mbuyomu.

M'matauni anthu adazolowera kunena kuti uje "ali pa CRB", ngati kuti CRB ndi chitolokosi cha ozemba ngongole. Zoona zake n'zakuti kaundulayu amasunga wobweza bwino ndi wozemba yemwe, ndipo chimene banki imafuna kudziwa ndi zomwe zalembedwa pansi pa dzina la munthu. Koma palinso anthu ochuluka zedi amene maina awo mulibemo, ndipo za iwo sitimva kawirikawiri. Kuti tione mbali zonse ziwiri, ndi bwino kutsetsereka kum'mawa kwa mzinda wa Zomba, makilomita pafupifupi 30, kukafika padoko la Kachulu ndi midzi ya kugombe la nyanja ya Chilwa, m'madera a mafumu aakulu Mwambo, Kuntumanje ndi Mkumbira. Kumeneko ndalama zimayenda ndithu, ngongole zimatengedwa ndi kubwezedwa tsiku ndi tsiku, koma ngongole ya nyumba ya kubanki ndi nkhani yongomva pawailesi.

Lamulo lokhazikitsa mabungwe osunga mbiri ya ngongole lidadutsa m'Nyumba ya Malamulo mu 2010, chaka chomwe kudabweranso lamulo lalikulu lopatsa gavanala wa Reserve Bank of Malawi udindo wopereka ziphaso ndi kuyang'anira mabungwe onse a zachuma. Kwa zaka zingapo lamulo la mbiri ya ngongolelo lidangogona m'mabuku. Mabanki adachita mphwayi kupereka mbiri ya makasitomala awo, ponena kuti zapakati pa banki ndi kasitomala n'zachinsinsi. Aphungu adakonza lamulolo mu 2016, ndipo kupereka mbiri kudaleka kukhala kwa wofuna. Koma chimene chidapatsa dongosololi mano ndi kalembera wa zitupa za unzika wa 2017, pamene National Registration Bureau idalemba anthu oposa 9 miliyoni. Kale munthu ankatha kukongola ku Zomba ndi dzina la bambo ake, ku Liwonde ndi mfunda, ku Limbe ndi dzina la pa ubatizo, ndipo panalibe womulondola. Lero nambala ndi imodzi. Makampani awiri ndiwo ali ndi ziphaso zosunga mbiriyi: Credit Data CRB, ya kuno kwathu, ndi TransUnion, ya ku America, imene imagwira ntchito yomweyi m'maiko ambiri.

Kufunsa nakonso kumalembedwa

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kufufuzako pakokha kumasiya chizindikiro. Malipoti a mbiri ya ngongole amakhala ndi gawo loonetsa mabungwe amene adapempha kuona mbiri ya munthu, ndi tsiku limene adapempha. Maiko amene adayamba kale ntchitoyi adagawa kufufuza pawiri. Ku Britain, munthu akamadzionera yekha mbiri yake, kapena kampani ikangosuzumira kuti imuuze chiwongoladzanja chimene angapatsidwe, obwereketsa ena saona kanthu ndipo mbiri yake sikhudzidwa. Koma akalemba fomu yopempha ngongole n'kusaina, kufufuza kumene kumatsatira kumaoneka kwa obwereketsa onse kwa miyezi pafupifupi 12. Ku America chizindikiro chotere chimakhala pa lipoti zaka ziwiri, ngakhale kuti kawerengedwe ka kampani ya FICO, kamene mabanki ambiri kumeneko amadalira, kamangosamala za miyezi 12 yomaliza.

Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Munthu amene wagogoda pa makomo asanu a obwereketsa m'milungu isanu ndi umodzi amaoneka ngati wapanikizika, ndipo wopanikizika ndiye amavuta pobweza. Koma a ku America adaona kuti lamulo limeneli likhoza kulanga munthu wanzeru, amene akungoyerekeza mitengo asanasankhe banki. Nchifukwa chake FICO imatenga kufufuza konse kwa ngongole ya nyumba kochitika m'masiku apakati pa 14 ndi 45, malinga ndi mtundu wa kawerengedwe, ngati kufufuza kumodzi. Wogula thumba la mpunga pamsika wa Jali amaloledwa kufunsa mtengo pa mabenchi atatu. Wofuna ngongole ya zaka 15 sayenera kumanidwa ufulu womwewo.

Kuno kwathu ngongole ya nyumba siperekedwa ndi kompyuta. Imadutsa m'manja mwa ofisala wa ngongole, woyesa mtengo wa nyumba, loya ndi komiti ya banki. Izi zili ndi ubwino wake, chifukwa munthu akhoza kufotokoza ndipo wina n'kumumvera. Zilinso ndi vuto lake. Lipoti limanena kuti bungwe lakuti lidafunsa za iwe tsiku lakuti, koma silifotokoza mmene nkhaniyo idathera. Ofisala akaona kuti mabanki atatu adafunsa koma palibe ngongole yatsopano imene idatsatira, maganizo ofulumira kubwera ndi akuti atatu onsewo adakana, ndipo amayamba kufunafuna chimene anzakewo adaona. N'kutheka kuti munthuyo ndiye adakana mabankiwo atamva chiwongoladzanja. Pepala silinena zimenezo. Choncho pali kusiyana kwakukulu pakati pa kulowa m'banki kukafunsa chiwongoladzanja, zaka zobwezera ndi ndalama zoyamba kulipira, ndi kudzaza fomu yokhala ndi mzere wololeza banki kukufufuza. Choyambacho munthu angachite m'mabanki onse a mumsewu waukulu wa Zomba tsiku limodzi osasiya chizindikiro. Chachiwiricho n'chofunika kuchisunga mpaka atasankha.

Komabe tisakulitse nkhani ya kufufuza kuposa msinkhu wake. Pa zinthu zonse zolembedwa mu lipoti, chizindikiro cha kufufuza ndicho chopepuka. Zolemera ndi zina. Pali ngongole ya sukulu ya ukachenjede imene munthu adaiiwala atayamba ntchito, pamene bungwe la Higher Education Students' Loans and Grants Board, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2015, lakhala likuchenjeza poyera kuti osabweza adzawadziwitsa kwa osunga mbiri ya ngongole. Pali ngongole ya pagulu, monga zija za NEEF, imene mmodzi akathawa onse amadetsedwa. Pali tingongole ta pafoni, tongokwana kugula ndiwo, timene munthu amatenga usiku n'kutaya simu khadi mawa lake, osadziwa kuti simu idalembetsedwa ndi chitupa chomwecho cha unzika. Pali kusainira mlamu ngati mboni ya ngongole yake. Ndipo pali chopweteka kuposa zonse, chifukwa mwini wake salakwa kanthu: olemba ntchito amadula ndalama pa malipiro mwezi ndi mwezi koma n'kuchedwa kuzitumiza kwa wobwereketsa, ndipo m'kaundula amaoneka wochedwa ndi wantchitoyo.

Zimene mbiri imachita pa mtengo wa ngongole zimaoneka bwino tikaika manambala patebulo. Kuyambira 2019 mabanki onse amayambira pa mlingo umodzi wa chiwongoladzanja umene umalengezedwa mwezi uliwonse, kenako banki iliyonse imaonjezerapo yake malinga ndi mmene yamuonera wokongolayo. Mlingowo umatsatira kwambiri chiwongoladzanja cha Reserve Bank, chimene mu February 2024 chidakwera kufika pa 26 peresenti, patangopita miyezi itatu kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Tsono tiyerekeze munthu amene wapatsidwa K30 miliyoni yoti abweze m'zaka 15 pa chiwongoladzanja cha 30 peresenti. Mwezi uliwonse azilipira pafupifupi K759 000. M'mwezi woyamba, K750 000 ya ndalama imeneyi ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Imene yachepetsa ngongole yeniyeni ndi K9 000 basi. Pomaliza zaka 15 adzakhala atapereka ndalama zoposa K136 miliyoni. Mnzake amene banki yamukayikira pang'ono n'kumuikira 33 peresenti azilipira pafupifupi K831 000 pamwezi. Kusiyana kwa K72 000 kumeneku, pa miyezi 180, kukukwana pafupifupi K13 miliyoni. Umenewo ndiwo mtengo wa chikayiko, ndipo nthawi zina chikayikocho chimachokera pa ngongole ya K20 000 imene idaiwalika zaka zitatu zapitazo.

Manambala omwewa akuululanso china chimene sitiyenera kubisa. Banki itati malipiro a ngongole asapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a zimene munthu amalandira, wokongola K30 miliyoni uja ayenera kumalandira ndalama zoposa K2.2 miliyoni pamwezi. Mphunzitsi wa pulaimale, mlangizi wa zaumoyo, wapolisi wamba ndi mlangizi wa zaulimi onse ali kutali ndi pamenepo. Kwa iwo mbiri yoyera ngati thonje siitsegula chitseko chimenechi. Izi n'zofunika kuzinena, chifukwa mauthenga olimbikitsa anthu kusamala mbiri ya ngongole nthawi zina amamveka ngati kuti chotchinga ndi khalidwe la wokongola lokha.

Mbiri yodzaza ndi mbiri yopanda kanthu

Kugombe la Chilwa kuli magulu awiri a anthu ofuna nyumba yabwino, ndipo kaundula amawalakwira m'njira zosiyana. Gulu loyamba ndi la antchito aboma amene adatumizidwa kusukulu, kuzipatala zazing'ono ndi kumaofesi a zaulimi a m'derali. Awa mbiri yawo ndi yodzaza. Popeza ngongole yaikulu sangaipeze, amamanga monga amangira Amalawi ambiri, pang'onopang'ono. Chaka chino ngongole yodula pa malipiro yogulira puloti. Ikatha, ina ya njerwa ndi simenti ya maziko. Kenako ya matabwa ndi malata, ndipo pakati pake yoonjezera pamwamba pa inzake chifukwa mtengo wa simenti wasintha mmisiri asanamalize khoma. Ngongole iliyonse ndi fomu yatsopano, kufufuza kwatsopano, mzere watsopano mu lipoti. Pakatha zaka zisanu ndi chimodzi nyumba yafoleredwa koma ilibe mawindo, pulasitala kapena magetsi, ndipo mwini wake akaganiza zopita kubanki kuti atenge ngongole imodzi yomalizira zonse, lipoti lake limaoneka ngati la munthu wosatha kukhala popanda ngongole.

Pepala lomwelo lingawerengedwe mwanjira ina. Munthu amene watenga ngongole khumi n'kubweza zonse wapereka umboni woposa wa munthu amene sadakongolepo. Ndicho cholinga chenicheni chosungira mbiri yabwino pamodzi ndi yoipa: kuti wobweza bwino alipidwe ndi chiwongoladzanja chotsika. Mpaka pano, phindu limeneli makasitomala wamba saliona bwinobwino. Chimene amachiona msanga ndi kukanidwa. Mabanki akadafuna kuti anthu akhulupirire dongosololi, akadamauza wokongola aliyense kuti pa chiwongoladzanja chimene wapatsidwa, gawo lakuti labwera chifukwa cha mbiri yake, ndipo likadatsika kufika pakuti mbiriyo ikadakhala yotere. Malinga ngati zimenezi zikhala zobisika m'komiti, CRB ipitirira kumveka ngati chikwapu.

Gulu lachiwiri ndi lalikulu, ndipo mbiri yake ndi pepala loyera. Awa ndi eni mabwato ndi makoka, asodzi amene amatha milungu ali m'zimbowera pakati pa nyanja, amayi oyanika matemba ndi owamba milamba n'kukagulitsa m'misika ya Zomba ndi Limbe, alimi a mpunga a musikimu ya Likangala ndi m'madambo oyandikira, eni zigayo, ndi oyendetsa maboti opita kuchilumba cha Chisi. Ena mwa iwo nyengo ikakoma amagwira ndalama zoposa malipiro a mkulu wa sukulu. Ndipo ngongole amaidziwa bwino kuposa ambiri a ife. Wogula nsomba amapereka ndalama kwa mwini khoka nsombazo zisanagwidwe. Wogula mpunga amakongoza mlimi nthawi yobzala kuti adzabweze ndi matumba. Ku banki m'khonde mayi amakongola, kubweza ndi chiwongoladzanja, n'kudzalandira gawo lake pogawana kumapeto kwa chaka. Chipereganyu chimayenda mwezi ndi mwezi popanda loya. Zikavuta pali katapila. M'mudzi aliyense amadziwa wobweza ndi wozemba, ndipo mbiri imeneyo ndi yolondola kuposa ya pakompyuta, popeza wozemba amakumana ndi omukongoza pachitsime ndi pamaliro. Koma imathera m'kope la mlembi wa gulu. Banki ikafufuza mayi amene wabweza mokhulupirika kwa zaka khumi, yankho limabwera lakuti palibe chodziwika, ndipo kwa banki chosadziwika chimawerengedwa ngati choopsa.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse m'dziko muno amakhala kumidzi. Choncho pepala loyera la kugombe la Chilwa si lachilendo. Ndilo la Amalawi ambiri.

Nthaka ndi madzi

Ngakhale mbiri itakhala yabwino, ngongole ya nyumba imaima pa chikole, ndipo chikole chake ndi malo amene nyumbayo yamangidwapo. Banki imafuna malo olembetsedwa, a lizi kapena chikalata china cha umwini, amene ingathe kugulitsa wokongola akalephera. Malo ambiri kugombe la Chilwa ndi a makolo, oyang'aniridwa ndi mafumu. Ndiponso kuno n'kwa chikamwini: pakati pa Anyanja, Ayao ndi Alhomwe a m'derali malo amayenda kuchikazi, ndipo mwamuna amamanga pamudzi pa mkazi wake. Mkamwini amene ali ndi malipiro kapena bwato sangatenge malo a mbumba ya eni ake n'kukawaika chikole, ndipo mkazi amene malowo ndi ake sangachite zimenezo popanda abale ndi mwinimbumba kuvomereza. Mwambowu uli ndi nzeru yake, chifukwa umateteza ana kuti asadzuke tsiku lina malo atapita ndi ngongole ya bambo. Koma sugwirizana ndi fomu ya banki, imene imafuna dzina limodzi kapena awiri ndi siginecha.

Lamulo la malo a makolo la 2016, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2018 ndi kukonzedwanso mu 2022, lidatsegula njira yakuti banja kapena munthu alembetse malo ake n'kulandira chikalata, kudzera m'makomiti a malo a m'midzi. Ntchitoyi idayesedwa koyamba m'maboma monga Phalombe, Kasungu ndi Rumphi. Pokopa anthu, ambiri ankanena kuti chikalatacho chidzawathandiza kupeza ngongole. Lonjezo limeneli n'lofunika kulitenga mosamala. Chikalata chimathetsa mikangano ya malire ndipo chimateteza mayi wamasiye, zimene pazokha n'zamtengo wapatali. Koma banki imafunsa funso lina: wokongola akalephera, ndani adzagule nyumbayi, ndipo pa mtengo wanji? Nyumba ya K30 miliyoni pakati pa mudzi wa mbumba imodzi ilibe msika, chifukwa mlendo sangagule kuti akakhale pakati pa abale a munthu amene walandidwa.

Kenako pali nyanja yeniyeniyo. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo imakula ndi kuchepa motsatira mvula ya m'mapiri a Zomba ndi Mulanje. Idalowa m'kaundula wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, yoyamba m'dziko muno. Idaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo idaphweranso kwambiri mu 2012 ndi mu 2018, mabwato n'kutsala pamatope ong'ambika. Mwini makoka amene akadatenga ngongole ya zaka 15 mu 2005 akadakumana ndi kuphwa kuwiri asanamalize kubweza, n'kuonjezerapo madzi osefukira a mu March 2019. Madzi akabwerera amabwera ndi ukali wake, monga zidachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene nyumba ndi minda ya m'zigwa za kummwera zidamira. Ngongole ya nyumba imayenda ndi inshuwalansi ya nyumbayo, ndipo woyesa mtengo akaona kuti malo ali m'dambo, cholembera chake chimalemera. Nchifukwa chake wa kugombe amene wapeza bwino amakagula puloti kumtunda, ku Matawale, Chinamwali, Sadzi kapena Chikanda, ngakhale kuti kumenekonso mapuloti ambiri amagulitsidwa ndi kalata ya mfumu chabe, yopanda lizi, ndipo vuto la chikole limamutsatira.

Pamwamba pa zonsezi, obwereketsa eni ake alibe njala ya ngongole za nyumba. New Building Society, imene idakhazikitsidwa mu 1964, chaka chimodzimodzi ndi Malawi Housing Corporation, ndiyo idali nyumba ya ngongole zotere kwa zaka 40. Mu 2004 idasanduka NBS Bank, banki ya malonda onse ngati zinzake, ndipo ngongole ya nyumba idakhala imodzi mwa katundu wambiri wa pashelefu. Banki imasunga ndalama za anthu amene angazifune mawa, choncho kuzimangirira zaka 15 pa nyumba ya munthu mmodzi si chinthu chimene imachithamangira, makamaka pamene boma likukongola kwambiri m'mabanki momwemo pa chiwongoladzanja chokoma ndiponso popanda kufufuza malire a puloti. Banki imene ili ndi kasitomala wotere imasankha anthu wamba ndi sefa yothina, ndipo kachilema kalikonse mu lipoti kamakhala chifukwa chokwanira.

Zimene zingakonzedwe

Dziko la Kenya lidadutsa m'njira imene ife tikuyamba kumene. Ngongole za pafoni zitafala, anthu ochuluka adalembedwa kuti ndi ozemba chifukwa cha tindalama tochepa, ndipo adatsekeredwa kunja kwa ngongole zikuluzikulu. Mu April 2020 banki yaikulu ya dzikolo idalamula kuti ngongole yosakwana mashilingi 1 000 isamadetse mbiri ya munthu, ndipo idaletsa obwereketsa a pafoni osayang'aniridwa ndi boma kutumiza maina kumabungwe osunga mbiri. Malire otere ndi oyenera kuwaganizira kuno ngongole za pafoni zisanafike m'mudzi uliwonse, pamodzi ndi lamulo lomveka lakuti kufufuza kwa ngongole ya nyumba kochitika m'mwezi umodzi kuwerengedwe kamodzi. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri a ku Zomba ndi Machinga amagwira ntchito n'kumatumiza ndalama zomangira kwawo, lamulo la ngongole la 2005 limapatsa munthu aliyense ufulu woona lipoti lake kwaulere kamodzi pachaka. Chodabwitsa n'chakuti mbiri yabwino imene munthu wapanga ku Johannesburg siwoloka naye pa Mwanza kapena pa Dedza. Akafika kwawo amayambanso ndi pepala loyera.

Kwathu kuno malamulo amalola munthu kuona zimene zalembedwa za iye ndi kutsutsa zolakwika, ndipo lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 lidalimbitsa ufulu umenewu. Kukonza kumayambira kwa wobwereketsa amene adatumiza mbiriyo, ndipo zikakanika dandaulo limapita ku Reserve Bank. Pa pepala n'zosavuta. Kwa munthu wa pa Chisi, ndi boti kukafika pa Kachulu, kabaza kapena galimoto kukafika ku Zomba, tsiku lonse la ntchito litatayika, kuti akamve kuti abwerenso sabata ya mawa. Amene akulingalira za ngongole ya nyumba achita bwino kuona lipoti lake miyezi ingapo asanapite kubanki, kusunga kalata iliyonse yotsimikiza kuti ngongole yakuti idatha, ndi kusunga mapepala a malipiro oonetsa kuti ndalama zidadulidwa pa nthawi yake. Mapepala amenewa ndiwo amamupulumutsa pamene cholakwa chili kwa olemba ntchito.

Kwa a pepala loyera, khomo lolowera m'kaundula si banki yaikulu ayi, koma ma SACCO, amene ali pansi pa lamulo la 2011 ndi mgwirizano wawo wa MUSCCO, komanso mabungwe obwereketsa ndalama zochepa okhala ndi ziphaso. Lamulo la 2013 lololeza katundu wosunthika kukhala chikole limatanthauza kuti injini ya boti, chigayo cha mpunga kapena njinga yamoto zingaimire ngongole popanda kukhudza malo a mbumba. Ngongole yotere simanga nyumba, koma imalemba mzere woyamba pansi pa dzina la munthu. Magulu a banki m'khonde amene amasunga ndalama zawo ku SACCO kapena kubanki ali kale theka la ulendo. Chotsala n'chakuti mbiri ya membala aliyense, osati ya gulu lokha, ipeze njira yofikira m'kaundula, mwini wake atavomereza.

Koma kulowetsa asodzi ndi alimi m'kaundula popanda kusintha kalendala ya kabwezedwe kungawapweteke kuposa kuwasiya kunja. Mabanki amawerenga ngongole kuti yaonongeka ikatha masiku 90 osalipidwa. Pa Chilwa usodzi wa makoka umatsekedwa m'dzinja kwa miyezi pafupifupi itatu kuti nsomba ziswane, ndipo miyezi yomweyo ndi imene mlimi wa mpunga amakhala akulowetsa ndalama m'munda, osati kutulutsa. Mwini khoka amene wamvera lamulo la boma n'kuyanika khoka lake kumtunda amakwanitsa ndendende masiku amene amamusandutsa wozemba m'kaundula, pamene mnzake wopha nsomba mozembera usiku amalipira pa nthawi yake n'kukhala ndi mbiri yoyera. Obwereketsa ena a zaulimi amadziwa kale kukonza ngongole yobweza pokolola. Mabungwe osunga mbiri amangolemba zimene apatsidwa, choncho mgwirizano ukanena kuti m'miyezi yotseka nyanja palibe cholipira, lipoti silionetsa kuchedwa kulikonse. Kusintha kumeneku sikufuna lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo; kuli m'manja mwa amene amalemba mafomu a ngongole ndi a Reserve Bank amene amawayang'anira.